Za Ntchito Imene Ophunzira ndi Anthu a M'midzi Anagwirira Pamodzi ku Namitete

Munthu wochoka mumzinda wa Lilongwe kulowera kumadzulo pa msewu wa ku Mchinji, akapitirira pa Chitedze, pamene boma la atsamunda linatsegula malo ofufuzira zaulimi m'chaka cha 1948, nadutsa pa Mpingu ndi pa Msundwe, amafika pa Namitete, m'dziko la Mfumu Yaikulu Kalolo, kufupi ndi malire a boma la Mchinji. Ndipo akapatuka pang'ono kusiya phula, amaona chipatala cha St Gabriel, chimene masisitere a Chikarimeli ochokera ku Luxembourg anachiyamba m'chaka cha 1959. Anthu a kumeneko amachidziwa chipatalacho monga malo amene anabadwirako, kapena amene anakagonekako mbale wawo. Koma ndi owerengeka okha, ngakhale pakati pa ophunzira a dziko lino, amene akudziwa kuti pa malo omwewo, m'chaka cha 2008, panayambika ntchito ya mapulogalamu a kompyuta imene lero ikuthandiza azaumoyo a m'midzi m'mayiko ambiri a mu Africa ndi Asia. Mbiri imeneyi iyenera kukambidwa bwino, makamaka pamaso pa aphunzitsi a m'sukulu zathu zaukachenjede, amene chaka ndi chaka amagawa ophunzira awo m'magulu nawauza kuti apange pulogalamu, pakuti muli chiphunzitso m'menemo chimene sichipezeka m'kalasi.

Kugwira ntchito pagulu si chinthu chimene anthu a chigwa cha Lilongwe anachita kuphunzira kwa alendo. Kalekale, udzu ukakula m'munda kuposa mphamvu za banja limodzi, mwini munda ankafulula mowa kapena kuphika thobwa, namema abale ndi anansi kuti abwere ku dima. Ndipo mmawa, dzuwa lisanatenthe, amuna ndi akazi ankandanda ndi makasu awo, aliyense ndime yake, nyimbo ili pakamwa. Chimene tiyenera kuchiyang'anitsitsa pa mwambo umenewu ndi dongosolo lake. Mwini munda ndiye ankaloza poyambira ndi polekezera, chifukwa ndiye ankadziwa pamene pali chulu, pamene madzi amakhazikika ndi pamene nthaka ili yolimba. Wamphamvu akatsiriza ndime yake sankakhala pansi, koma ankatembenuka kukakumana ndi mnzake wotsalira. Mnyamata wongoyamba kumene ankamuika pambali pa atsibweni ake kuti aone kagwiridwe ka khasu. Ndipo ntchito sinkatchedwa yatha kufikira mwini wake atayendera mizere navomereza. Palibe amene ankabwera ku dima ndi maganizo a kulima munda umene anaulota kunyumba kwake.

Koma dera lomweli linaonanso kagwiridwe kena ka ntchito, kochokera kumwamba. M'zaka za m'ma 1920, A. F. Barron ndi R. W. Wallace, amene anakhazikika pa Mbabzi, anafalitsa ulimi wa fodya wochiza ndi utsi pakati pa alimi a m'midzi, ndipo m'chaka cha 1926 boma linakhazikitsa Native Tobacco Board, imene m'kupita kwa nthawi inayamba kulamula kukula kwa munda wa mlimi ndi misika imene ayenera kugulitsirako. Dziko litalandira kale ufulu, m'chaka cha 1968 kunabwera chitukuko chachikulu cha Lilongwe Land Development Programme ndi ndalama za World Bank, chimene chinalambula misewu, kukumba zitsime, kumanga misika ndi kulembetsa malo a mabanja m'ndunda. Sitinganene kuti zonsezi zinali zopanda phindu, pakuti misewu ina imene ngolo zikuyendamo lero ku Nsaru ndi ku Kabudula ndi ya nthawi imeneyo; komabe mapulani ake ankalembedwa m'maofesi ndi akatswiri, ndipo mlimi ankangouzidwa zochita. Motero anthu a kuno akhala akuzidziwa njira ziwirizi, ya kupangana nawo ndi ya kuwapangira, ndipo amazisiyanitsa msanga kuposa mmene alendo amaganizira.

Amishoni nawo anabweretsa sukulu yawoyawo ya ntchito zamanja. Ansembe a White Fathers, atakhazikika ku Likuni m'chaka cha 1903 ndi ku Nambuma m'chaka cha 1928, sankamanga tchalitchi popanda kuumba njerwa ndi kucheka matabwa pamodzi ndi anyamata a m'midzi yozungulira, ndipo sukulu ya ntchito zamanja ya pa Namitete, imene mpaka lero ikuphunzitsa ukalipentala ndi zomangamanga, ndi mphukira ya mwambo womwewo, wakuti mmisiri amaphunzira popanga chinthu chenicheni chimene munthu weniweni adzachigwiritsa ntchito.

Tsono kunafika mliri wa Edzi, umene unagwedeza midzi yonse kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nusiya ana amasiye m'manja mwa agogo awo ndi odwala ogonera m'nyumba zambiri. Chipatala cha St Gabriel, chimene chinkayang'anira anthu pafupifupi 250,000 omwazikana m'midzi ya Lilongwe ndi Mchinji, chinali ndi madokotala owerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Ndipo poona kuti odwala onse sangagone m'mawodi, chinadalira amuna ndi amayi odzipereka a m'midzi, amene popanda malipiro ankayendera odwala khomo ndi khomo, kuwasambitsa, kuwalimbikitsa, ndi kuonetsetsa kuti akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu, ndiponso, boma litayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo kwaulere m'chaka cha 2004, kuti sakudumphitsa tsiku. Anthu amenewa ndiwo anali maso ndi makutu a chipatala. Koma taonani chovuta chake: chilichonse chimene anaona chinkayenera kulembedwa papepala ndi kunyamulidwa wapansi kapena panjinga yakapalasa mtunda wautali kukafika ku chipatala, ndipo wodwala akadwalika usiku, panalibe njira ina yodziwitsira namwino koma kuti munthu ayende. Namwino woyendera odwala m'midzi ankawononga petulo ndi tsiku lathunthu panjinga yamoto kukafunafuna munthu mmodzi amene sanabwere kudzatenga mankhwala, mwina nakapeza kuti munthuyo anasamuka, kapena kuti anamuika m'manda sabata yatha.

Tiyambe taleka pamenepo, tione zimene zinkachitika kutsidya kwa nyanja, pakuti njira ziwiri zinali kuyandikirana mosadziwana. M'chaka cha 1968, chaka chomwe chija chimene chitukuko cha Lilongwe chinkayamba, akatswiri a makompyuta anasonkhana ku Garmisch m'dziko la Germany, atatopa ndi mapulogalamu akuluakulu amene ankachedwa kutha, kudya ndalama zoposa zimene anapangana, ndi kulephera kugwira ntchito. Ndipo anagwirizana kuti kupanga mapulogalamu kuyenera kukhala umisiri wokhala ndi mwambo wake, monga kumanga milatho kuli ndi mwambo wake. M'chaka cha 1975 Fred Brooks, amene anatsogolera gulu lalikulu la amisiri ku kampani ya IBM, analemba buku lofotokoza kuti kuwonjezera anthu pa ntchito ya pulogalamu imene yachedwa kale kumaichedwetsa koposa, chifukwa obwera kumenewo ayenera kuphunzitsidwa, ndiponso anthu akachuluka nthawi yambiri imathera pa kumvana. Aphunzitsi a m'mayunivesite anazindikira pamenepo kuti umisiri wotere sungaphunzitsidwe kwa munthu atakhala yekha pa desiki. Ku yunivesite ya Toronto, J. J. Horning ndi D. B. Wortman anafotokoza m'chaka cha 1977 mmene ankagawira ophunzira m'timagulu tonga timakampani, tomagulitsana ndi kugulirana zidutswa za mapulogalamu, kuti wophunzira alawe kuwawa kwa kugwiritsa ntchito chinthu chimene mnzake anachipanga mosasamala. Ndipo ku yunivesite ya Sheffield anapita patsogolo, nayamba kuitana anthu enieni a malonda ndi a mabungwe kuti abweretse mavuto awo kwa magulu a ophunzira. Anaona kuti chimene chimagwetsa ntchito zambiri si kulephera kulemba pulogalamu, koma kusamvetsa chimene mwini ntchito akuchifuna.

M'chaka cha 2007 ku St Gabriel kunafika mnyamata wa ku America, Josh Nesbit, wophunzira wa ku yunivesite ya Stanford, amene maphunziro ake sanali a makompyuta konse koma a zaumoyo, ndipo anabwera kudzathandiza pa nthawi ya tchuti. Iye anaona odzipereka aja akufika atatopa ndi mapepala awo, naonanso kuti foni yake yam'manja inkagwira netiweki bwino lomwe pa chipatalapo, pakuti makampani a TNM ndi Celtel anali atayamba kuimika nsanja zawo m'midzi. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Chimene eni dziko anachizolowera mpaka kuleka kuchiona, mlendo amachiona tsiku loyamba. Atabwerera kwawo anamva za pulogalamu yotchedwa FrontlineSMS, imene Ken Banks wa ku Britain anailemba m'chaka cha 2005 atagwirapo ntchito ndi anthu okhala m'mphepete mwa nkhalango ya Kruger ku South Africa, pulogalamu yaulere imene inkasandutsa laputopu imodzi yolumikizidwa ku foni kukhala likulu lotumizira ndi kulandirira mauthenga ambirimbiri, popanda kufuna intaneti. M'chaka cha 2008 Nesbit anabwereranso ku Namitete atanyamula laputopu yopatsidwa ndi mafoni 100 ogwiritsidwapo kale ntchito.

Apa ndi pamene mbiri iyenera kuyenda pang'onopang'ono, chifukwa ambiri poifotokoza amathamangira kutamanda foni. Pulogalamu ija payokha sinkadziwa kanthu za chifuwa chachikulu, kapena za mtunda wochokera kwa Mavwere kufika ku chipatala. Inkangotumiza ndi kulandira mawu. Mafunso onse olemera anali oti ayankhidwe ndi anthu okhala pamodzi pansi: uthenga wotani umene ndi woyenera kuti namwino akwere njinga yamoto nthawi yomweyo, ndi wotani umene ungadikire, ndani adzakhala pa laputopu kuwerenga mauthenga a m'Chichewa ndi kuwapereka kwa woyenera, wodwala adzatchulidwa bwanji m'uthenga kuti chinsinsi chake chisaululike m'mudzi, mayunitsi akatha adzawonjezera ndani, batire ikatha m'mudzi wopanda magetsi adzatchaja kuti. Mayankho a mafunso amenewa anali m'mitu ya anamwino, ya woyang'anira odwala chifuwa chachikulu, ndi ya odzipereka aja, amene ena mwa iwo anali asanalembepo uthenga pafoni chibadwire, koma ankadziwa khomo lililonse la m'dera lawo ndi mavuto ake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Odzipereka anaphunzitsidwa m'magulu kalembedwe ka mauthenga, ndipo posakhalitsa ntchito inayamba kuyenda m'njira zingapo: chipatala chinkatumiza dzina la munthu amene sanabwere pa tsiku lake kuti wodzipereka wapafupi akamuone nayankhe, wodzipereka ankaitanitsa thandizo wodwala akafooka, ankafunsa za kamwedwe ka mankhwala nalandira yankho ali m'mudzi momwemo, ndipo malipoti amene kale ankayenda ndi miyendo anayamba kufika m'kamphindi. Mlendoyo anakhala masabata owerengeka okha nabwerera ku sukulu, ndipo ntchito inatsala m'manja mwa ogwira ntchito pa chipatalapo, amene anaipitiriza.

Zotsatira zake zinalembedwa ndi kusindikizidwa m'chaka cha 2010 ndi Nadim Mahmud, Joce Rodriguez ndi Nesbit mwini. Pogwira ntchito ndi odzipereka 75, chipatala chinapulumutsa maola pafupifupi 2,048 a ogwira ntchito, chinapulumutsanso madola pafupifupi 3,000 a mafuta pamene mauthenga onse anadya madola 250 okha, ndipo chiwerengero cha odwala chifuwa chachikulu amene chinkatha kuwasamalira chinawirikiza kawiri kufika pa 200. Amene anaonapo mmene chifuwa chachikulu chimabwererera mwaukali mwa munthu wosiyira mankhwala panjira adzamvetsa kulemera kwa nambala yotsirizayi.

Ntchito itamveka, ophunzira ena a ku America anaphatikana ndi Nesbit, pakati pawo Isaac Holeman, amene anadzakhalanso ku Namitete, Mahmud uja, ndi Dieterich Lawson. Ndipo m'chaka cha 2009 anayambitsa gulu lotchedwa FrontlineSMS:Medic, limene pambuyo pake linatchedwa Medic Mobile. Chivomezi chitagwetsa mzinda wa Port-au-Prince ku Haiti mu Januwale 2010, Nesbit anali mmodzi wa amene anathandiza kukhazikitsa nambala ya 4636 imene anthu ankatumizako mauthenga opempha chithandizo. Ndipo m'chaka cha 2018 gululo pamodzi ndi anzawo linatsegulira onse mapulogalamu ake pansi pa dzina la Community Health Toolkit, amene akugwiritsidwa ntchito ndi azaumoyo a m'midzi ku Kenya, ku Uganda, ku Mali ndi ku Nepal.

Pano ndiyenera kunena maganizo anga mosabisa. Anyamata aja ayenera kuyamikidwa, pakuti anali ndi mtima wofunsa ndi makutu omvera, ndipo sanachite manyazi kuphunzira kwa anthu amene sukulu sanapite nayo patali. Kunyoza mlendo wotere kungakhale kusayamika. Koma mabuku ndi manyuzipepala a kunja amene anafalitsa mbiriyi anakweza mayina a alendo, pamene amayi ndi abambo amene anayenda mitunda ija zaka zambiri foni isanabwere, amene kukhulupirika kwawo ndiko kunachititsa kuti uthenga uliwonse ukhale woona, anangotchulidwa monga chiwerengero. Chipatala chikanakhala chopanda gulu la odzipereka lolimba, limene linamangidwa mwa misonkhano yambiri ndi mafumu, nyakwawa ndi akuluampingo, mafoni 100 aja akanathera m'matumba popanda kupulumutsa munthu. Ndiponso tisaiwale kuti foni sichiza: uthenga ungafike msanga, koma ngati m'nkhokwe ya chipatala mulibe mankhwala, kapena njinga yamoto ilibe petulo, wodwala amangomva msanga kuti thandizo kulibe. Dziko lino laona ntchito zambiri za mafoni zimene zinayamba ndi nthungululu ndi kutha mwakachetechete opereka ndalama atapita, chifukwa panalibe mwana wa m'dziko muno wodziwa kukonza pulogalamuyo ikavuta.

Chifukwa cha chimenechi, ntchito ina imene inayambira mumzinda wa Lilongwe ndi yoyenera kuikumbukira pambali pa iyi. Gerry Douglas, amene anayambitsa Baobab Health, anaika makompyuta okhudza ndi chala pa chipatala chachikulu cha Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central, m'chaka cha 2001, pogwiritsa ntchito timakina totchipa timene tinali titakanika malonda ku America. Ndipo chachikulu chimene bungwelo linachita ndi kulera achinyamata a Chimalawi kufikira anakhala amisiri olemba okha mapulogalamu osunga mbiri ya odwala. M'zaka zotsatira unduna wa zaumoyo unatenga DHIS2, pulogalamu yoleredwa ku yunivesite ya Oslo, kuti ikhale yosonkhanitsira malipoti a zipatala m'dziko lonse, ndipo aphunzitsi ndi ophunzira a makompyuta ku University of Malawi ku Zomba agwira ntchito ndi undunawo pomanga iCHIS, imene alangizi a zaumoyo a m'midzi amalemberamo ntchito yawo. Izi zikusonyeza kuti luso lilipo pakati pathu, ndi kuti yunivesite ikatsegula zitseko zake ndi kuyang'ana kumudzi, ana athu amatha kuchita zimene tinkayesa kuti ndi za alendo okha.

Komabe mwambo umene wafala m'makalasi ambiri ukadali wakuti gulu la ophunzira anayi kapena asanu lipatsidwe mutu wopeka, lipange pulogalamu ya sitolo imene kulibe kapena ya hotela imene palibe anaionapo, mmodzi wodziwa alembe zonse usiku pamene anzake akungodikira kulemba mayina awo pachikuto, ndipo pa tsiku la mayeso aonetse chinthu chonyezimira chimene sichidzatsegulidwanso. Wophunzira wotere amatuluka ndi digiri asanakhalepo pansi ndi munthu wamkulu kumufunsa mwaulemu mmene amagwirira ntchito yake, asanaonepo pulogalamu yake ikukanika chifukwa netiweki yathawa kapena chifukwa zilembo n'zazing'ono kwa maso a gogo, ndiponso asanaphunzire kusiya ntchito yake yolongosoka kuti wobwera pambuyo pake aipitirize. Safunsa anadya phula. Ndipo mmisiri wosafunsa amadyetsa phulalo anthu ena.

Ndikudziwa kuti aphunzitsi athu ali ndi makalasi odzaza ndi ndalama zochepa, ndi kuti kutumiza ophunzira kumudzi kumafuna galimoto, chilolezo ndi nthawi yoposa miyezi inayi ya teremu imodzi. Koma Namitete ali pa mtunda wosakwana maola awiri kuchokera mumzinda wa Lilongwe, ndipo mavuto oyenera magulu a ophunzira ali mbwee: kaundula wa gulu la amayi la banki m'khonde ku Nsaru, ndondomeko ya makalabu a alimi a mtedza ndi soya ku Kabudula, kalembera wa ana a sikelo ku Nambuma, mabuku a sukulu ya pulaimale ku Mpingu. Inu aphunzitsi a ku Zomba, a ku MUBAS, a ku MUST, a ku Mzuzu ndi a ku Bunda, musanapereke mutu wa ntchito ya pagulu chaka chikudzachi, yambani mwapita kukaonekera kwa mfumu ndi kwa woyang'anira chipatala kapena sukulu ya kumeneko, mupemphe kuti mmodzi wa anthu awo akhale m'gulu la ophunzira anu kuyambira tsiku loyamba, akhalenso ndi mawu pa tsiku logawa malikisi; ndipo gulu limene layamba ntchito chaka chino lisiyire gulu la chaka chamawa, kufikira eni ake atanena okha kuti chinthucho chikuwathandiza.